Njerwa za kwa Tsekwe

Pamene Helena ankabadwa, nyumba za kwa Tsekwe zinali zikununkhabe laimu. Anazimanga ndi bambo ake, a Andrea, amene anachokera kumunsi kwa Zambezi ali mnyamata, atanyamula mpeni womangira ndi chingwe basi. Anabwera ndi mzungu wina amene anthu anamutcha Tsekwe chifukwa cha kayendedwe kake. Mzunguyo anagwetsa nkhalango m'mbali mwa Shire kuti alime thonje, ndipo a Andrea anamumangira nyumba ya khonde lozungulira, chitsime, kansanja ka belu, ndi shedi yaitali yosungiramo thonjelo. Pa zonsezi, imene ankainyadira inali shedi. Khomo lake linali lopindika pamwamba ngati uta, popanda mtengo kapena chitsulo cholichirikiza, njerwa zokhazokha zotsamirana. Pansi pake anakwezapo mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Thonje linakana. Madzi a mtsinje anatsika, sitima inaleka kufika padoko, njanji nayo inakadzera kutali. Tsiku lina Tsekwe anakwera bwato ndi mabokosi ake, osabwereranso.

A Andrea sanachoke. Palibe anawauza kuti azilondera malowo, koma zaka khumi ndi chimodzi zinatha iwo ali pompo. Maso awo atachita ng'ala, anayamba kuyendera nyumbazo ndi manja. M'mawa uliwonse Helena ankawagwira pamkono, iwo nkumapapasa khoma ndi khoma. Akapeza njira ya chiswe ankaikanda ndi chikhadabo, akapeza mng'alu ankati, "Helena, pano," Helena nkubwera ndi dothi. Iyeyo anali woumba mbiya, ndipo dothi silinkamuvuta. Mwamuna wake anapita ku nkhondo ya Jeremani ngati mtengatenga, sanabwerere. Mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira ndi chimfine chachikulu chija chimene chinabwera nkhondo itatha. Anatsala ndi bambo ake ndi makomawo.

Nkhondo itabuka kwa Apwitikizi, anthu anawoloka malire cha ku Marka atasenza ana ndi mphasa, ena nkumakwera ndi mtsinje kufunafuna pokhala. Mabanja asanu ndi anayi anafika kwa Tsekwe, ambiri mwa iwo amayi opanda amuna. Helena anawatsegulira shedi, iwo anaigawa ndi mipanda ya bango. Chaka chotsatira Shire atasefukira, mudzi wonse ndi mbuzi zomwe unakwera m'shedimo, ndipo anakhalamo masiku asanu ndi atatu madzi akunyambita masitepe osalowa.

Mu Sepitembala wa 1920, mphepo yotentha ikuwulutsa fumbi, kunafika amuna khumi ndi awiri atanyamula mapiki ndi zitsulo zokanulira. Patsogolo pawo panali munthu wovala kabudula wa kaki. Atafika pamthunzi pamene a Andrea anakhala, anavula chipewa.

"Odi kuno, Amisiri."

A Andrea anapendeketsa mutu. "Mawu amenewo ndi a Geresomo. Si iwe unkandipondera dothi, matope mpaka m'makutu?"

"Ndine ndemwe, Amisiri. Tsopano ndine kapitawo."

"Wakula. Nanga zitsulo zikulira kumbuyo kwakozo nzachiyani?"

Geresomo anayang'ana Helena ngati akupempha kuti amuthandize, koma Helena anangomuyang'ananso. Ndiye anafotokoza. Kampani imene inatenga malo a Tsekwe inagulitsa njerwa zonse za pamalopo kwa mzungu wina, Bwana Maclean, amene ankamanga nyumba za anthu a njanji ku Chiromo. Ayamba ndi nyumba ya khonde. Akatha apo, kansanja, kenako shedi. Madzi akadzakwera mumtsinje, baji, bwato lalikulu la katundu, idzabwera kudzanyamula.

"Muli anthu m'shedimo," anatero Helena.

"Ndikudziwa, Mayi. Ine ndangotumidwa."

Nyumba ya khonde inagwa m'masiku khumi ndi awiri. Helena anayesa kutengera bambo ake kudimba kuti asamve, koma anakana. Anakhala pachitsa pafupi, manja ali pamaondo, akumvetsera. Tsiku lachiwiri anadzambatuka nkuyamba kukuwa.

"Mukuswa! Mukuswa njerwa, anyamata inu! Yambirani pamwamba, thirani madzi m'mizeremo, mudikire. Njerwa imachoka yokha ukaipempha!"

Anyamatawo anaseka, koma Geresomo anawadzudzula, ndipo kuyambira pamenepo anachita monga mkuluyo ananenera. Helena anaona bambo ake akuphunzitsa anthu kagwetsedwe ka nyumba imene anaimanga okha, misozi ikutsika m'maso oyerawo, iwo osaipukuta. Madzulo ake sanadye. Anangoti, "Shedi ikamagwa, mudzandisiye momwemo."

M'mawa mwake Helena anamanga mbatata zowotcha m'kansalu, anasenza mtsuko umodzi mwa imene anaumba yekha, nauyamba ulendo wa ku Chiromo. Anayenda masiku awiri. Maclean anamupeza ataima pakati pa maziko a nyumba, nkhope itafiira ndi dzuwa. Helena anatula mtsuko, anagwada pamchenga wotentha, nanena zonse: za anthu, za madzi osefukira, za bambo ake. Mzunguyo ankamva Chimang'anja, ngakhale ankachilankhula mokhadzula.

"Ine sindifuna shedi," anatero. "Ine ndifuna njerwa. Njerwa ndagula."

"Nanga tikakupatsani njerwa zina, Bwana? Zatsopano?"

"Ndani aumba?"

"Ife."

"Akazi?"

Helena anakoka mtsuko uja naugogoda ndi chala. Unalira ngwee. "Uwu ndinaumba ndine, ndinawotchanso ndine. Moto ndimaudziwa. Zina zonse bambo anga akuzidziwa."

Maclean anaseka, koma anaugogodanso mtsukowo ndi ndodo yake. "Njerwa si mphika. Koma chabwino. Madzi akakwera, baji ibwera. Njerwa za nyumba ija nditenga. Pamwamba pake, iwe udzaze baji katatu ndi njerwa zolira chonchi. Ukatero, shedi ikhala. Ukalephera, Geresomo agwetsa tsiku lomwelo."

Pobwerera Helena anayenda ngati wothamangitsidwa. Ankadziwa chimene mzungu uja sanachitchule. Madzi amene adzabweretse baji ndi madzi a mvula, ndipo mvula ndiyo mdani wa njerwa zosawotcha. Anali ndi masabata asanu ndi awiri, mwina asanu ndi atatu kumwamba kukachita ulesi.

A Andrea atamva anati, "Nditengere kunkhuti kumene ndinkakumba kale."

Dzenjelo linali litamera bango. Anakumba m'mbali mwake, mkuluyo nkumafinya dothi m'manja, kulikulunga ngati nyongolotsi, kuliluma ndi mano otsalawo. "Ili ndi makande, ling'ambika. Ili lachuluka mchenga. Ili... eya, ili. Musakanize ndi la pachulu chija." Zikombole panalibe, zakale zinadyedwa ndi chiswe. M'mawa wina anapeza matabwa a chitseko cha nyumba yogwetsedwa ija atatsamira pakhomo la shedi. Geresomo, amene anatsala pamalopo ndi anthu ake kupala njerwa zakale ndi kuziunjika padoko, anadutsa osayang'ana kumeneko.

Ntchito inayamba ndi amayi khumi ndi anayi ndi madala awiri. Chitsime chinali chitatsika kwambiri moti madzi ake anawasungira kumwa, a njerwa ankakatunga kumtsinje. Ena ankaponda dothi, ena kuthira m'zikombole, ena kuthamanga nazo kukakhutula pabwalo. Dzuwa la Okutobala linkawotcha nthaka kufikira munthu sakanatha kuima malo amodzi. Njerwa za sabata yoyamba zinang'ambika zonse chifukwa zinauma msanga, ndipo anazibwezera m'dzenje nkuyambiranso, tsopano akuzifunditsa udzu. Manja a Helena anang'aluka m'mizere, magazi nkumasakanikirana ndi dothi. Ankawamanga ndi luzi nkupitiriza.

Tsiku lina ng'ona inalumphira mtsuko m'manja mwa mayi wina padoko. Mayiyo anapulumuka, koma m'mawa mwake mabanja awiri anamanga katundu nkupita. Nkhuni nazo zinali kutali. Uvuni umafuna tsanya, mtengo wolemera ngati mwala, ndipo tsanya anali theka la tsiku kuchokera pamtsinje. Amayi ankapita mbandakucha, kubwera dzuwa litapendeka, makosi atalowa m'mapewa. Minda palibe ankaisosa. Chakudya chinali nyika, mizu ya maluwa a m'dambo, ndi timbatata totsala m'dimba.

Sabata yachisanu Clotilda anaponya chikombole pansi. Anali mayi wamtali wa ana atatu, mmodzi mwa oyamba kulowa m'shedimo, ndipo anzake ankamumvera.

"Helena, taimani ndikuuzeni. Ife tinathawa kale nyumba kawiri. Nyumba ndi mitengo ndi udzu, masiku anayi yatha. Anzathu akusosa, ife tikuumba njerwa za mzungu. Ana anga adzadya njerwa? Nkhabe, sangadye."

"Madzi akadzabwera mudzaima pati?"

"Pachulu, ngati anthu onse. Nenani zoona. Mukutifera ife, kapena mukufera baba anu?"

Helena anayang'ana kumene bambo ake anakhala, akutembenuza njerwa zouma imodziimodzi, kuzisisita m'mbali ngati mitu ya ana. Anagwada pamatope pamaso pa Clotilda.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina zonse. Ine ndilibe kwina. Mwana wanga anaphunzira kuyenda atagwira khoma limenelo. Ndipatseni masabata awiri. Mbewu yanga ya mapira mudzatenge, dimba langa mudzalime ndinu. Musandisiye pano, Clotilda."

Clotilda anatola chikombole chija, nachitsuka.

Nkhuni zinakwanira uvuni umodzi wokha. A Andrea analamula kuti apange umenewo ndi njerwa zimene zinauma, zotsalazo zidikire pabwalo. Anaupanga wamakomo anayi a moto, kutalika kwake kuposa munthu atakweza manja, naumata ndi matope kunja konse. Mkuluyo analowetsa dzanja m'khomo lililonse kumva kayendedwe ka mphepo. "Masiku asanu," anatero. "Awiri oyamba moto wofatsa, utsi wokhawokha. Ukaupsetsa mtima ziphulika."

Moto unayatsidwa Lolemba. Lachitatu utsi woyera unatha, pamwamba pa uvuni panayamba kunjenjemera ndi kutentha, ndipo a Andrea anati tsopano aponyemo tsanya. Tsiku limenelo kunja kunali zii, ngakhale masamba a migwalangwa sankagwedera. Dzuwa litangopendeka, Helena anaona mtambo ukutsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa, wakuda pansi pake ngati kunsi kwa mphika. Sanawauze bambo ake. Anamva okha, mphepo yozizira itawakhudza pankhope.

"Yafika?"

"Mwina idutsa, Baba."

"Siidutsa. Uvuni ukamwa madzi uli wotentha chonchi, palibe njerwa idzatulukemo yamoyo."

Madontho oyamba anagwera pamwamba pa uvuni nkumalira ngati mafuta m'chiwaya. Amayi anathamangira pabwalo ndi mphasa ndi udzu kukafunditsa njerwa zosawotcha. Helena anaima pakati, akutembenukira uku ndi uku. Udzu pa uvuni ukanangoyaka. Malata a nyumba ya khonde anali atatumizidwa kale pamitu ya anthu ku Chiromo. Malata amene anatsala pamalo ponsepo anali a denga limodzi lokha.

"Zulani denga!" anakuwa. "Siyani izo! Zulani malata a shedi!"

Amayi anaima, kumuyang'ana ngati wapenga. Muli mphasa zawo m'menemo, muli mbewu, muli makanda. Woyamba kusuntha anali Clotilda. Anamangirira nsalu yake m'chiuno, anakwera pamtanda wa pakhomo, nayamba kukanula misomali ndi khasu. Ena anamutsatira. Mvula inatsika yonse nthawi imodzi, yamphepo, yosaona kutsogolo. Lata loyamba mphepo inalilanda m'manja mwawo nkukaliponya m'bango. Lachiwiri linacheka mayi wina pachikhatho. Enawo anawakokera pansi awiriawiri, akuterereka pamatope, mpaka ku uvuni.

Kukwera pamwamba palibe anafuna. Helena ananyowetsa nsalu yake m'chithaphwi, anakulunga mapazi ndi zisanza, nakwera pamakwerero a mitengo. Nthunzi inamumenya kumaso moti anatseka maso nkumagwira ntchito mopapasa ngati bambo ake. Ankalandira lata, kuligoneka, kulitsendereza ndi chipika, kubwerera kudzalandira lina. Mapazi ankapsa kudzera m'zisanzazo. Anamva khungu la mikono yake likuthina. Pansi wina ankamuitana kuti atsike, koma mawuwo ankamveka ngati ali tsidya la mtsinje. Lata lachisanu ndi chitatu atagoneka, miyendo inamukana, ndipo amene anamugwira pamakwerero anali Geresomo, amene anathamanga kuchokera padoko ndi anthu ake atatu. Iwowo anamaliza mbali yotsalayo.

Mvula inakhala mpaka dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Itakata, Helena anakwawa kukaona pabwalo. Njerwa za masabata atatu zinali zitasanduka phala. Mizere yake inkaonekabe, koma ukagwira, chala chinkangolowa. M'shedi, theka la denga linali kumwamba kokhakokha, mphasa zikuyandama, mapira a mbewu atanyowa m'zitete. Makomo awiri a uvuni, a mbali imene mphepo inachokera, anali atazima.

"Yatsaninso," anatero a Andrea. "Musausiye uzizire."

Nkhuni zonse zinali zonyowa. Anagwetsa mipanda ya bango ya mbali youma ya shedi nkuponyamo. Anaponyamo mitondo iwiri, misi, chitseko cha nyumba ya Helena, ndi mpando wa a Andrea. M'mawa mwake Geresomo anabwera ndi anthu ake atasenza mitanda ya denga la nyumba ya khonde ija, mitengo youma ya zaka makumi atatu imene Maclean anati aisunge.

"Bwana wako adzati chiyani?" anafunsa Helena. Anali atakhala pansi, mapazi ali m'mbale ya madzi, matuza atatupa ngati mazira a nkhunda.

"Ndidzati chiswe chinadya," anatero Geresomo, nayamba kuwaza.

Moto unayaka masiku ena awiri, uvuni nkutenga sabata kuti uzizire. M'sabata imeneyo mvula inagwanso kawiri, mtsinje unafiira nuyamba kukwera. Amayi anabwezera malata padenga, koma atatu anali atapindika ndi moto osagwiranso ntchito.

Tsiku lophwasula uvuni a Andrea anakhala pamphasa, mpeni wawo womangira uli m'manja. Njerwa iliyonse inkadutsa kwa iwo. Ankaigogoda kamodzi. Ikati ngwee, kumanja. Ikati phu, kumanzere. Poyamba zinkalira bwino, amayi mpaka anayamba kuimba. Atafika mbali imene inazima, nyimbo inatha. Phu. Phu. Phu. Njerwa zotuwa, zina zakuda mkati, zina zongogumuka m'manja. Helena ankayang'ana dzanja la bambo ake likupita kumanzere, kumanzere, mtima wake nkumapempha kuti makutu awo alakwitse ngakhale kamodzi. Sanalakwitse.

Geresomo anayeza mulu wakumanja ndi mapazi. "Baji kamodzi ndi theka," anatero motsitsa mawu.

Baji inafika patapita masiku anayi, amuna asanu ndi atatu akuikankha ndi mapondo, mitengo yaitali yozika pansi pa madzi. Inanyamula kaye njerwa zakale za nyumba ya khonde, kenako inabwerera zatsopano. Ulendo woyamba unadzaza bwino. Pa ulendo wachiwiri Helena anauza amayi kuti onyamula akhale iwo, amuna apume. Iye yekha, akutsimphina, ankapita kumulu wakumanzere, kusankha zimene zinali zofiirira kunja, nkuziyala pakati pa baji, zabwino pamwamba. Anachita zimenezi theka la tsiku, osayang'ana munthu kumaso.

Geresomo anakwera m'bajimo masana. Anayenda pamwamba pa njerwazo, anaima, anaponda ndi chidendene. Anachotsa ziwiri zapamwamba, natulutsa imodzi yapansi, naithyola pabondo ngati chinangwa.

"Mayi."

"A Kapitawo, ndagwira mwendo wanu. Ku Chiromo nkutali. Akamadzazindikira..."

"Akamadzazindikira zidzakhala zili m'khoma, pansi pake pakugona munthu. Ndiye Bwana adzatumiza anthu ena, osati ine, ndipo sadzasiya ngakhale chitsime." Anaponya zidutswazo m'madzi. "Zitsitseni. Ine sindinaone kanthu."

Helena anakhala pansi padoko pomwepo nkulira mokweza, kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro a mwana wake. Amayi anatsitsa njerwazo mwakachetechete. A Andrea anamva zonse, pakuti anali atawakhazika pamthunzi wa mtondo pafupi. Anaimirira okha, ndodo ili patsogolo.

"Geresomo, bwera kuno. Mzungu wako anati chiyani kwenikweni?"

"Anati baji katatu. Zikapanda kukwana, ndigwetse shedi."

"Akufuna shedi kapena njerwa?"

"Njerwa, Amisiri."

"Ndiye zikusowa za baji kamodzi ndi theka. Kansanja ka belu kali ndi theka. Zotsalazo uzipeza kumbuyo kwa shedi, kuyambira pamzati wachinayi. Shediyo ndinaimanga m'zigawo, chigawo chilichonse chimaima pachokha. Ukadula pamene ndikuuze, kutsogolo sikumva kanthu, khomo silisuntha. Ukadula pena, igwa yonse ndipo theka la njerwa liphwanyika. Baji yako idzaza katatu. Mzungu adzabwera kuno kudzaona?"

Geresomo anapukuta thukuta. "Sabwera kuno."

"Ndigwire mkono," anatero a Andrea.

Helena anaona bambo ake akuyenda m'mbali mwa shedi, dzanja lili pakhoma, akuwerenga mizati. Pa wachinayi anaima, nakanda mzere kuchokera pamene dzanja lawo linafika mpaka pansi. Masiku asanu ndi limodzi otsatira anakhala pamenepo kuyambira m'mawa, akulamula mzere ndi mzere, ndipo njerwa zinachoka zathunthu pafupifupi zonse. Kansanja kanatha m'tsiku limodzi. Belu lake, limene linali litang'aluka kalekale, Geresomo analisiya pansi pa mtengo. Baji itanyamuka ulendo womaliza, anabwera kudzatsanzika, chipewa chili m'manja. A Andrea anangoti, "Uyende bwino," ndipo sanatembenuke.

Shedi inatsala yaifupi, kumbuyo kwake kuli pululu, mvula ikulowa mmene ikufunira. Malo anatsala a mabanja anayi. Mwa mabanja atatu oyenera kusamuka, Clotilda ndiye anayamba kunena yekha kuti achoka, pakuti anamva kuti mlongo wake ali kwa Chapananga ndipo ali ndi mbuzi. Helena anamupatsa mapira amene anapulumuka. Clotilda anagawa pakati nabweza theka.

"Takhuta," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo. "Koma musamagwadire anthu pamatope, Helena. Zimatilemera."

Njerwa zotseka kumbuyoko zinalipo, za mulu wakumanzere. A Andrea anati zikamatidwa bwino ndipo denga likatulukira kunja, zikhoza kupirira. Koma manja awo anali atayamba kunjenjemera moti sankathanso kugwira mpeni. Anaupereka kwa Helena pamodzi ndi chingwe. Helena anali asanamangepo khoma. Anayamba m'mawa, amayi otsalawo akumupatsira dothi, ndipo pofika masana a tsiku lachiwiri linali litafika m'chifuwa. Mitambo inali ikusonkhananso kum'mawa.

Bambo ake anapempha kuti awafikitse. Anayendetsa chikhatho kuchokera pansi kukwera, kawiri.

"Lafutuka mimba. Mizere inayi yapamwambayi igwetse."

"Baba, mvula ikubwera."

"Ndikuimva. Gwetsa."

"Sindingathe. Taonani manja angawa... gwirani, Baba, gwirani mumve. Likhale choncho. Palibe adzalione, lili kumbuyo."

A Andrea anagwira manjawo, anasisita zipsera ndi ming'alu, nawasunga m'manja mwawo kanthawi. "Ndamva, mwananga," anatero. "Koma lidzagwera mkati, ndipo mkatimo ndimo mugona ana."

Helena anayang'ana mitambo, anayang'ana khomalo. Anakwera pachipika nayamba kuchotsa njerwa imodziimodzi, kupala dothi, kuziika pansi. Mvula inawapeza atabwezera mizere iwiri. Anafunditsa khomalo mphasa, anadikira, itakata anapitiriza. Linatha patapita masiku asanu ndi anayi.

Chaka chimenecho anabzala mochedwa ndipo anakolola zochepa. A Andrea anamwalira mapira asanache, atadwala masiku atatu okha. Khoma lakumbuyo linkamwa madzi dzinja lililonse nkumasenda ngati nkhanambo, ndipo chilimwe chilichonse Helena ankalimatanso, poyamba yekha, kenako ndi ana a mabanja amene anatsala aja atakula. Kawiri ngodya yake inagumuka, kawiri anaimanganso. Mbiya anasiya kuumba, chifukwa zala zake zopsa zija sizinkamvanso kupyapyala kwa dothi. Anthu a midzi yoyandikana akafuna kumanga nkhokwe ya njerwa kapena kukonza chitsime, ankabwera kwa Tsekwe kudzamutenga, ndipo iye ankapita.